Chimfine cha Mbalame ndi Mankhwala Ochokera m'Magazi a Opulumuka

Nkhani yokambidwa kwa mafumu, alimi, alangizi ndi ophunzira pa Migowi, m'boma la Phalombe



Poyamba mitima ikhale pansi. Sindinabwere kudzalengeza kuti mliri wagwa, ndipo amene mwasiya nkhuku pamoto kunyumba mukadye ndithu. Ndabwera kudzakamba za nthenda imene anansi athu aiona kale, chimfine cha mbalame, ndi za mankhwala amene akatswiri akhala akuwayesa kwa zaka pafupifupi 20 tsopano. Mankhwala ake sachokera ku mtengo kapena ku muzu. Chiyambi chake ndi magazi a munthu amene adadwala n'kuchira.

Wina afunsa kuti nkhani ya m'malabotale akutali ikudzatani pa Migowi. Yankho lili kumpoto kwathuku. Mtsinje wa Phalombe ukatsika m'phiri umakathera m'nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda potulukira, imene ambiri a inu mudaiona itaphwa mu 1995 ndiponso mu 2018. M'njedza ndi m'madambo ozungulira nyanjayi mumakhala atsekwe, abakha am'tchire, akakowa, avuwo ndi mbalame zina zosawerengeka. Zina n'zakonkuno, koma zina zimabwera nyengo ya mvula kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia, kuthawa chisanu cha kwawoko. Kuchuluka kwa mbalamezi n'kumene kudachititsa kuti Chilwa likhale dambo loyamba m'Malawi muno kulembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar. Ndipo ife mbalamezo sitimangoziyang'ana. Nsomba zikasowa, njala ikalowa m'nyumba, anthu amatchera misampha, amasosola, amawamba, n'kukagulitsa pamsika. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, mabanja ambiri adapulumukira ndiwo imeneyi. Koma kachilombo ka chimfine cha mbalame kwawo kwenikweni ndi m'matumbo mwa mbalame za m'madzi zoterezi. Nthawi zambiri sikazidwalitsa n'komwe. Kamatuluka ndi zitosi, kamakhalitsa m'madzi, ndipo kakalowa m'khola la nkhuku kamatha kusanduka chilombo chenicheni.

Mtundu umene wavutitsa dziko kwambiri umatchedwa H5N1. Udapezeka koyamba mu atsekwe oweta m'chigawo cha Guangdong ku China mu 1996. Chaka chotsatira, ku Hong Kong, udachita chimene akatswiri ambiri ankaganiza kuti sichingachitike: udachoka mu nkhuku n'kulowa mwa munthu mwachindunji. Woyamba kumwalira adali mwana wa zaka 3. Pofika kumapeto kwa chakacho anthu 18 adali atadwala, 6 atamwalira, ndipo boma la kumeneko lidapha nkhuku zonse za mumzindawo, zoposa miliyoni imodzi, m'masiku owerengeka. Kudakhala bata kwa kanthawi. Mu 2003 kachilomboka kadabukanso ku Vietnam, Thailand ndi maiko oyandikana nawo, ndipo mu 2005 kadapha mbalame zam'tchire zikwizikwi pa nyanja ya Qinghai ku China. Kuchokera pamenepo kadakwera mapiko. Mu Febuluwale 2006 kadatsimikizika ku Kaduna, ku Nigeria, koyamba mu Africa muno, kenaka ku Egypt, kumene kadakhazikika mpaka kudwalitsa anthu oposa 300.

Kuno kum'mwera kadafika mochedwerapo koma kadafika. Mu Januwale 2017 msuweni wake, H5N8, adapha mbalame zam'tchire m'mphepete mwa nyanja ya Victoria ku Uganda. Pakati pa chaka chomwecho adalowa m'makola akuluakulu a ku Zimbabwe ndi South Africa. Mu 2023 South Africa idapha nkhuku mamiliyoni, mazira adasowa m'masitolo, ndipo amene muli ndi ana ku Joni mwina adakuuzani kuti ankagula mazira mowerengeredwa. Mu Okutobala chaka chomwecho matendawa adapezeka pa famu ya nkhuku zoikira mazira ku Morrumbene, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Inhambane ndi kutali, zoona, koma malire a Mozambique ife timawadutsa pa njinga.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalemba anthu oposa 900 amene adatsimikizika kuti adadwala H5N1 kuyambira 2003, ndipo pafupifupi theka la iwo adamwalira. Chiwerengerochi tichimve bwino. Ndi cha anthu amene adafika kuchipatala n'kuyezedwa, ndipo kawirikawiri amene amafika kuchipatala ndi odwalitsitsa. Ku America, kumene kachilomboka kadalowa mu ng'ombe zamkaka mu 2024, ambiri mwa antchito a m'mafamu amene adakatenga adangofiira maso n'kuchira. Komabe nthenda imene ikafika m'mapapo imapha motere si yocheza nayo. Mwayi umene tili nawo mpaka lero ndi umodzi: kachilomboka sikanaphunzire kudumpha mosavuta kuchoka mwa munthu kupita mwa mnzake. Pafupifupi onse amene adadwala adagwira mbalame yodwala kapena yakufa, kapena chiweto china chodwala.

Nanga munthu akadwala amapatsidwa chiyani? Pali mapiritsi otchedwa oseltamivir, ena amawadziwa ndi dzina la Tamiflu. Amathandiza, koma amafuna kuti wodwala awayambe m'masiku awiri oyambirira, ndipo madokotala a ku Vietnam adaona kale mu 2005 kuti mwa odwala ena kachilombo kadasintha n'kuyamba kuwapirira. Katemera nayenso alipo wa mitundu ina, koma katemera amafuna nthawi kawiri: miyezi yoti apangidwe molingana ndi kachilombo katsopano, ndiponso masabata oti thupi liphunzire likabayidwa. Munthu amene wagona kale ndi chibayo alibe masabata amenewo. Mpata umenewu ndi umene ma antibody akufuna kutseka.

Ana asukulu, apa tcherani khutu, pakuti zimenezi zimabwera pamayeso. Kachilombo kakalowa m'thupi, maselo ena a m'magazi otchedwa B amayamba kupanga timapuloteni tooneka ngati chilembo cha Y. Timeneti ndiye ma antibody. Nsonga ziwiri za Y zimagwira malo amodzi okha pa thupi la kachilombo, osati pena paliponse, ndipo zikagwira, kachilomboko kamalephera kulowa m'maselo athu, komanso asilikali ena a m'thupi amakaona n'kukawononga. Vuto n'lakuti thupi limene likukumana ndi kachilombo koyamba limatenga sabata imodzi kapena awiri kuti lipange okwanira. H5N1 imatha kuwononga mapapo nthawiyo isanakwane. Amene wapulumuka, komabe, amatsala ndi maselo okumbukira, ndipo m'magazi mwake mumakhala yankho limene wodwala mnzake akulisowa.

Nzeru yobwereka chitetezo si yatsopano. Mu 1890 Emil von Behring wa ku Germany ndi Kitasato Shibasaburo wa ku Japan adaonetsa kuti madzi a m'magazi a nyama imene yapirira poizoni wa kafumbata amatha kuteteza nyama ina. Mankhwala a ululu wa njoka amene amaperekedwa m'zipatala mpaka lero amapangidwa m'njira yomweyo, kuchokera m'magazi a mahatchi. Ndipo mu 2006 madokotala a ku Shenzhen, ku China, adapatsa bambo wina wodwala H5N1 madzi a m'magazi a munthu amene adachira, bamboyo n'kupulumuka. Koma taganizani: opulumuka ndi ochepa, magazi a munthu mmodzi sangakwanire mudzi, mphamvu yake imasiyana munthu ndi munthu, ndipo muyenera kuyeza kuti mulibe HIV kapena matenda a chiwindi. Za nyama nazo thupi la munthu limatha kuzikana mwaukali.

Chimene chidasintha zinthu chidachitika ku Cambridge mu 1975. Georges Köhler ndi César Milstein adapeza njira yotengera selo limodzi lopanga antibody wofunikayo n'kulichulukitsa mosalekeza, kotero kuti onse otuluka amakhala ofanana ndendende. Alimi muzimvetsa msanga. Mukapeza phata limodzi la chinangwa chokoma, chosagwidwa matenda, simudikira njere ayi. Mumadula mitengo yake n'kubzala, ndipo munda wonse umabereka chinangwa chomwecho. Oyambawo adali ochokera ku mbewa za mu labotale, ndipo thupi la munthu linkawaona ngati alendo. Gregory Winter, wa ku Cambridge komweko, adapeza njira yowasandutsa kuti akhale ngati a munthu, kenaka njira yopangira a munthu enieni. Onse atatuwa adalandira mphoto ya Nobel, awiri oyamba mu 1984, Winter mu 2018.

Tsopano tifike pa chimfine cha mbalame chenichenicho. Ku chipatala cha matenda a m'madera otentha mumzinda wa Ho Chi Minh ku Vietnam, anthu anayi akuluakulu amene adadwala H5N1 n'kuchira adavomera kupereka magazi. Cameron Simmons ndi anzake adawatumiza ku Bellinzona, ku Switzerland, kumene Antonio Lanzavecchia adali atakonza njira yochititsa maselo okumbukira aja kuti asafe m'mbale za mu labotale. Adawagawa m'timabowo tambirimbiri, kuyesa kabowo kalikonse, n'kusankha ochepa amene ankagonjetsa kachilombo. Kenaka Kanta Subbarao ku America adawayesa pa mbewa. Zotsatira zidasindikizidwa mu Meyi 2007. Mbewa zimene zidalandira ma antibody zisanapatsidwe kachilombo zidatetezedwa. Chachikulu n'chakuti zina zidachira ngakhale zidalandira mankhwalawo patapita maola 72 chilowereni kachilombo, pamene zosalandira zidafa.

Maola 72. Musunge nambala imeneyi, tibwereranso.

Chimfine, komabe, ndi chochenjera. Kunja kwa kachilombo kuli timinga tambiri totchedwa haemagglutinin, ndipo H wa mu H5N1 akuimira dzina limeneli. Kaminga kalikonse kali ndi mutu ndi tsinde. Ma antibody ambiri amene thupi limapanga amagwira mutu, chifukwa ndiwo uli poonekera, koma mutuwo umasintha chaka ndi chaka, ndipo wogwira mutu wa chaka chino akhoza kuphonya wa chaka chamawa. Tsinde silisinthasintha, chifukwa ndilo limagwira ntchito yoboola selo lathu. Likasintha kwambiri kachilombo kamadzipha kokha. Mu 2009 magulu awiri, la Wayne Marasco ku Boston ndi la kampani ya Crucell ya ku Netherlands mogwirizana ndi Ian Wilson wa ku California, adaonetsa ma antibody a munthu ogwira tsinde, otchedwa F10 ndi CR6261. Amenewa ankagonjetsa H5N1 pamodzi ndi mitundu ina yambiri, kuphatikizapo chimfine choopsa cha 1918. Mu 2011 gulu la ku Bellinzona lija lidapeza wina, FI6, wogwira mitundu yonse 16 ya H imene inkadziwika panthawiyo.

Akapezeka wotere, akatswiri amawerenga malangizo a chibadwa amene amamupanga n'kuwalowetsa m'maselo ena oweta, amene amakula m'mathanki akuluakulu achitsulo n'kumatulutsa mankhwalawo. Amathanso kukonza mchira wa Y uja. Antibody wachilengedwe amachepa ndi theka m'thupi pakatha masabata atatu, koma wokonzedwa mchira amatha kukhala miyezi. Wopereka magazi uja safunikanso kubwerera. Kachubu kamodzi kamene adapereka kakwanira.

Mpaka apa nkhani ikukoma, ndipo manyuzipepala amakonda kuimira pomwepa. Ine ndipitirira, chifukwa mbewa si munthu. Ma antibody ogwira tsinde atayesedwa pa anthu odwala chimfine wamba, zotsatira zake zidagwetsa ulesi. Wa kampani ya Genentech adaperekedwa kwa odwala ogonekedwa m'chipatala pamodzi ndi oseltamivir, ndipo sadaonetse kusiyana kokhutiritsa. Mu Julayi 2023 kampani ya Vir idalengeza kuti wawo, VIR-2482, amene adabaya anthu athanzi kuti awateteze ku chimfine, sadafike pamene ankayembekezera. Ndipo tonse tidaona pa Covid-19: mankhwala otere adathandiza ambiri poyamba, koma mtundu wa Omicron utatulukira kumapeto kwa 2021, ambiri mwa iwo adatha mphamvu ndipo adachotsedwa. Uthenga wabwino udabwera mu Januwale 2025, pamene akatswiri a ku Pittsburgh ndi a boma la America adaonetsa kuti antibody wotchedwa MEDI8852 adateteza apusi ku imfa ya H5N1. Koma apusiwo adabayidwa asanakumane ndi kachilombo. Kuteteza ndi kuchiza ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Choncho ndinene mosapsatira: lero lino palibe chipatala, ngakhale ku London kapena ku Tokyo, chimene chili ndi antibody wovomerezeka wochizira chimfine cha mbalame pa shelefu yake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Munthu akadzabwera pamsika pano ndi botolo n'kumati ndi mankhwala atsopano a chimfine cha mbalame ochokera kunja, ameneyo ndi wakuba.

N'chifukwa chiyani ndikukhulupirirabe kuti njira imeneyi ili ndi tsogolo? Chifukwa cha zimene zidachitika ku Congo. Mu 1995 Ebola idabuka m'tauni ya Kikwit. Dokotala wa komweko, Jean-Jacques Muyembe-Tamfum, ndi anzake adaika magazi a opulumuka mwa odwala 8, ndipo 7 adachira. Akatswiri ambiri akunja adakayikira, adati odwalawo ndi ochepa, mwina akadachira okha. Muyembe sadaitaye nkhaniyo. Patapita zaka zoposa 10, mmodzi mwa opulumuka a ku Kikwit adaperekanso magazi, ndipo mwa iwo mudapezeka antibody wotchedwa mAb114. Adamuyesa pakati pa mliri ndi nkhondo kum'mawa kwa Congo mu 2018 ndi 2019. Mwa odwala amene adalandira mankhwala akale oyerekezera, pafupifupi theka adamwalira. Mwa olandira mAb114, pafupifupi 35 pa 100 alionse. Ndipo mwa amene adafika msanga, kachilombo kasanachuluke m'magazi, omwalira adali pafupifupi 10 okha pa 100. Nthenda imene anthu ankaiona ngati chigamulo cha imfa lero ili ndi mankhwala ovomerezeka, ndipo adachokera m'mitsempha ya munthu wa ku Africa, mwa khama la dokotala wa ku Africa. Ku Mali nakonso, zotsatira za mu 2022 zidaonetsa kuti antibody woperekedwa kamodzi adateteza anthu akuluakulu ambiri ku malungo nyengo yonse ya mvula.

Ife Amalawi sitili kunja kwa ntchito imeneyi, ngakhale ambiri sitidziwa. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Duke ku America adasindikiza kafukufuku wotchuka woonetsa m'mene thupi limasulira pang'onopang'ono antibody wogonjetsa mitundu yambiri ya HIV. Magazi amene adawatsatira kwa zaka adali a munthu wa kuno ku Malawi, amene dzina lake lidabisidwa monga mwa malamulo a kafukufuku. Amayi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe adali m'gulu la amayi pafupifupi 1,900 a m'maiko 7 a mu Africa amene adalowa m'kafukufuku wa antibody wotchedwa VRC01, woperekedwa kudzera mu diripi miyezi iwiri iliyonse. Zotsatira za mu 2021 zidaonetsa kuti sadateteze ku mitundu yonse ya HIV, koma adateteza bwino ku mitundu imene ankatha kuigwira, ndipo ofufuza akumanga pamenepo.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa. Magazi amachokera ku Kikwit, ku Vietnam, ku Lilongwe. Mankhwala akapsa amapita kuti? Lipoti la mabungwe a Wellcome ndi IAVI la mu 2020 lidapeza kuti magawo pafupifupi 80 pa 100 a mankhwala a mtundu umenewu amagulitsidwa ku America, Canada ndi ku Ulaya. Pa Covid-19 boma la America linkagula mlingo wa munthu mmodzi pa madola pafupifupi 2,000. Muwerengere nokha kuti ndi matumba angati a nandolo. N'zoona kuti kupanga kwake n'kokwera mtengo: mathanki, magetsi osazima, madzi oyera kwambiri, filiji kuchokera ku fakitale mpaka pa bedi la wodwala. Koma si zokhazo. Kampani ya Serum Institute ku India imapanga kale antibody wa chiwewe pa mtengo wotsikirapo, ndiye kuti zimatheka pamene pali chifuniro. Amene adali nduna ya zaumoyo ya ku Indonesia, mayi Siti Fadilah Supari, adakwiya ndi zoterezi, ndipo mu 2007 dziko lake lidakana kutumiza kunja tizilombo ta H5N1 totengedwa mwa odwala ake. Funso lawo lidali lakuti: tipereke kachilombo kwaulere, kenaka mudzatigulitse katemera pa mtengo woti sitingathe? Ambiri adawadzudzula, koma mkanganowo udabala pangano la WHO la mu 2011 lakuti makampani olandira tizilombo ta chimfine azipatula gawo la katemera ndi mankhwala la maiko osauka. Aphungu athu ndi akuluakulu a ku Capital Hill ayenera kuidziwa mbiri imeneyi pamene akusaina mapangano a kafukufuku.

Zimenezo n'za akuluakulu. Tibwere ku maola 72 aja, pakuti amenewo ndi athu.

Mwaona kuti m'nkhani zonsezi, ya mbewa, ya Ebola, ya oseltamivir, chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Antibody amagwira kachilombo, koma sasoka mapapo ong'ambika. Akaperekedwa mochedwa, munthu amatha kufa ngakhale kachilombo katatha, chifukwa mapapo adzaza kale madzi. Ndiye tiyerekeze kuti mankhwalawa apezeka, mtengo watsika, ndipo ali m'filiji ya chipatala chachikulu chimene tili nacho tsopano pa Migowi pano kuyambira 2022. Kodi mayi wa ku Mpoto, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, amene wasosola bakha wakufa Lolemba n'kuyamba kutentha thupi Lachinayi, adzafika liti? Poyamba adzagula panado pa okala. Kenaka adzapita ku chipatala chaching'ono, adzayezedwa malungo, ndipo ngati sapezeka adzapatsidwa mankhwala a chibayo. Zonsezi n'zoyenera pa odwala 99 mwa 100. Koma ngati palibe womufunsa za bakha uja, ndipo iye sanena, sabata idzatha. Onjezani misewu: tidaona mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atadutsa, kuti mlatho umodzi ukakokoloka dera lonse limasanduka chilumba.

Chovuta china ndi chitopa. Chitopa tidachizolowera. Chimabwera nyengo yotentha, chimasesa khola, ndipo tidaphunzira kuchita nacho mwanzeru za umphawi: nkhuku ikayamba kuwodzera timaipha msanga tidye, zotsalazo timathamangira nazo kumsika zisanagwe. Kwa zaka zonsezi khalidweli silinaphe munthu, chifukwa chitopa sichidwalitsa anthu kupatula kufiiritsa maso mwa apo ndi apo. Ndiye tidaphunzira kuti nkhuku yodwala ndi ndiwo basi. Tsoka lake n'lakuti chimfine cha mbalame ndi chitopa n'zosasiyanitsika ndi maso. Kufa mwadzidzidzi, kutupa mutu, lipombo kuda, kutsegula m'mimba, kupinda khosi, zonsezi zimapezeka ku mbali zonse ziwiri. Ngakhale dokotala wa ziweto wodziwa bwanji sangalumbire popanda labotale. Ndipo ngozi siili m'mbale ayi, pakuti kuphika nyama mpaka kupsa bwino kumapha kachilombo. Ngozi ili pozinga, pososola ndi potumbula, pamene magazi, nthenga ndi fumbi la zitosi zimafika m'maso ndi m'mphuno. Amagwira ntchito imeneyi pakhomo ndani? Ku Egypt ambiri mwa odwala adali amayi ndi ana, ndipo sindikuona chifukwa choti kuno zingasiyane.

Mu Disembala 2005, chaka cha njala, mbalame zam'tchire zambirimbiri zidagwa zokha m'boma la Ntchisi. Anthu adatola n'kukadya akuluakulu a boma asanafike. Zitayezedwa ku South Africa zidapezeka kuti sichinali chimfine cha mbalame. Tidapulumuka, koma osati chifukwa cha kuchenjera kwathu.

N'chifukwa chake katemera wa chitopa wa I-2, uja wodonthezera m'diso amene amapangidwa ku labotale ya ziweto ku Lilongwe, ndimamuona ngati chida cholimbana ndi chimfine cha mbalame, ngakhale sateteza ku chimfinecho m'pang'ono pomwe. Mudzi umene umatemera nkhuku zake miyezi inayi iliyonse suzolowera kuona nkhuku zikufa mwaunyinji. Tsiku limene nkhuku zotemera zidzagwe khumi usiku umodzi, kapena abakha ndi nkhanga n'kumafa limodzi nazo, kapena asodzi a m'zimbowera n'kuona mbalame zakufa zitayandama m'njedza, aliyense adzadziwa kuti ichi n'chachilendo. Pamenepo musazigwire ndi manja, ana asaseweretse, agalu asadye, ndipo mlangizi wa ziweto amve tsiku lomwelo. Inu a zaumoyo, wodwala chifuwa chobanika ndi kutentha thupi mumufunse funso limodzi loonjezera: kodi kwanu kwafa nkhuku kapena mbalame masiku ano? Ndipo mlangizi wa ziweto ndi wa zaumoyo a dera limodzi akhale ndi nambala za foni za wina ndi mnzake. Ndikudziwa madera amene awiriwa amakumana pa maliro pokha.

Wina anena kuti anthu a kunyanja ndi ovuta kuwafikira. Mu 2016, kolera itabuka pa Chilwa, azaumoyo adafika mpaka m'zimbowera ndi katemera wakumwa, ndipo asodzi ena adapatsidwa mlingo wachiwiri kuti akamwe okha pakatha masabata awiri. Adawakhulupirira, ndipo ntchito idayenda.

Mafumu athu, chotsala ndi chimene chimaposa mphamvu za mlangizi. Mayi amene ali ndi nkhuku 12 ali ndi fizi ya mwana, ali ndi thiransipoti ya kuchipatala, ali ndi cholandirira alendo. Akadziwa kuti kunena kubweretsa anthu ovala zoyera odzapha nkhuku zake zonse n'kuchoka osasiya kanthu, sadzanena, ndipo ine sindingamuweruze. Adzazinyamula usiku kupita nazo kwa mchemwali wake ku Chiringa, matenda n'kupita nawo. Ku Nigeria mu 2006 boma lidalonjeza chipepeso, koma alimi adadandaula kuti n'chochepa ndiponso chochedwa, ndipo nkhuku zidapitirira kuyenda mobisa. Nkhani ya chipepeso iyenera kukambidwa tsopano, kukadali bata, ku khonsolo ya boma lino ndi ku unduna wa zamalimidwe: ndani adzawerenga nkhuku, mtengo wake udzakhala wotani, ndalama zidzachokera thumba liti, ndipo zidzafika m'manja mwa mwini patapita masiku angati. Inu mumakhala m'misonkhano ya komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) ndi ya khonsolo yonse, kumene ife sitifika. Mukaifunse nkhaniyi, ndipo ilembedwe m'maminitsi.

Ndaona manja angapo akwezedwa kale kumbali ya amayi uko. A wapampando, ndiima pomwepa kuti timve mafunso.